Malangizo a munthu amene galimoto yake sinafikepo Ku Chawe

Kuno kwathu galimoto timaiyeza pa maliro. Sienta ndi galimoto chifukwa imanyamula anthu asanu ndi awiri mwalamulo, ndi ena angapo amene lamulo silinawaone. Probox ndi galimoto chifukwa thumba la ufa, nkhuni ndi amayi a Mvano zonse zimakwanamo. Ndiye pali yanga: MGB ya 1971, yofiira m'malo mmene penti idakalipo, ya mipando iwiri, denga lake lansalu. Zovuta zikagwa kwathu ku Zakazaka, anthu amagogoda pakhomo pa aliyense wagalimoto, koma panga amapadumpha mwaulemu. Nditadzipereka ndekha anandipatsa nkhata zamaluwa, ndipo zinakafika anthu akusamba m'manja.

Inali ya malume anga. Iwo anaigula kwa mzungu wina wam'boma amene ankamanga katundu pa nthawi imene likulu la dziko linkachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Malume atatisiya, abale tinakhala pansi kugawana chuma. Wina anatenga munda, wina makina osokera, wina malata. Ine wopitako kusukulu ndinaloza chiphapha chimene nkhuku zinkaikiramo mazira, n'kunena kuti chuma chenicheni ndi chimenecho. Panalibe wotsutsa. Banja loti limakangana ngakhale pa chiwindi cha nkhuku linagwirizana nthawi yomweyo, ena mpaka kundigwira chanza.

Popeza masiku ano anthu amandifunsa nzeru za galimoto zakale (ena amafunsa pofuna kuseka, koma funso ndi funso), ndati ndilembe zimene ndikudziwa.

MGB ankaipanga ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo anapanga zoposa 500,000. Injini yake ndi ya masilinda anayi, 1798cc, mphamvu yake akavalo 95, liwiro lake kupitirirako makilomita 160 pa ola. Manambala amenewa ndinawaloweza pamtima, ndipo ndimawatchulira anyamata a kabaza akamandipitirira pa chitunda. Koma akavalo amenewo anawawerengera pamalo otsika, pafupifupi mulingo wa nyanja yamchere. Injini imapuma mpweya, ndipo mukamakwera mpweya umapepuka. Pa mamita 300 alionse injini yamtunduwu imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900, kutanthauza kuti akavalo asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi amakhala atathawa kale ndisanatuluke pageti. Pamwamba penipeni pa phiri la Zomba, pamene pamapitirira mamita 2,000, gawo limodzi mwa magawo asanu limakhala litapita. Otsalawo ndi okalamba, ena akutsokomola.

Makaniko wanga ali ndi galaja pansi pa mtengo wa mango cha ku Chinamwali. Atatsegula boneti koyamba anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bwana, izi tingozula zonse tiikemo injini ya Corolla, muzigona tulo." Ndinakana. Munthu amene wasankha galimoto yotere sakufuna tulo. Ndinamuuza kuti ndikufuna mphamvu, aichune kuti izithamanga. Iye anafunsa ngati sizingakhale bwino kuti iyambe kaye yalira.

Apa ndi pamene ambirife timagwera. Galimoto yakale ikamatsokomola, dzanja limathamangira kabuleta, chifukwa ndiyo ili pamwamba, yonyezimira, yokhala ndi tizinthu tosangalatsa kupotokola. Chonsecho kabuleta ndi yomalizira. Yambani ndi mavalavu: injini itazizira, mpata wake ukhale 0.015 ya inchi, pafupifupi mamilimita 0.38. Mapoyinti a mu distributor nawonso mpata wake ndi womwewo. Mapulagi ndi 0.025 ya inchi. Kenako taimingi, ndipo nthambo za mapulagi zitsate ndondomeko ya 1-3-4-2. Nthambo ziwiri zikasinthana, galimoto imawombera kuekizozi mokweza moti a neba amatuluka kudzafunsa ngati asilikali a ku Cobbe Barracks ayamba zoyeserera. Poyeza mipata imeneyi pamafunika kachipangizo kotchedwa feeler gauge. Makaniko wanga amayezera kachikatoni ka bokosi la machesi, ndipo nditagula feeler gauge yanga kuti ndimuchititse manyazi, tinapeza kuti kachikatoniko sikanaphonye kwenikweni. Anaibwereka tsiku lomwelo, akuti azipalira dzimbiri.

Zikatha zimenezo m'pamene mumayandikira makabuleta, pakuti MGB ili nawo awiri, a mtundu wa SU, aliyense akudyetsa masilinda awiri. Wamitala aliyense akudziwa mmene zimakhalira: kuno mukapereka kochuluka uko kwayamba kudandaula, mukathamangira uko kuno kwazima. Onse awiri ayenera kukoka mpweya wofanana. Njira ya akuluakulu ndi yotenga kapaipi, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, n'kumvetsera mluzu wake, kenako winayo, mpaka mawu afanane. Anthu opita kumsika akhala akundipeza nditawerama m'boneti ndi paipi kukhutu, maso otsinzina, ndipo mayi wina anafunsa mwana wanga ngati bambo ake anayamba zoombeza.

Muyezo wa petulo umasinthidwa ndi nati imene ili kunsi kwa kabuleta, pang'onopang'ono, mbali imodzi ya nati nthawi imodzi. Pofuna kudziwa ngati mwalasa, kwezani pisitoni ya m'kabuletamo pang'ono chabe, osapitirira milimita imodzi. Injini ikakweza mawu n'kukhala pomwepo, petulo wachuluka. Ikafooka n'kufuna kuzima, petulo wachepa. Ikakweza pang'ono n'kubwerera mwakale, chotsanipo manja, tsekani boneti, kasambeni. Ine pamenepo m'pamene mtima umandiuza kuti ndipotokolenso kamodzi kuti zikhale bwino koposa, ndipo Loweruka lonse limathera pomwepo. Pamwamba pa kabuleta aliyense pali kachivindikiro kothiramo oyilo pang'ono. Pakauma, galimoto imazengereza mukaponda moto. Mapulagi nawo sanama. Akuda bii ndi mwaye akunena kuti petulo wachuluka, oyera mbuu akuti wachepa, ofiirira akuti zili bwino. Anga amakhala awiri akuda, awiri oyera.

Zamasipanala n'zachidule. Manati a galimoto iyi ndi a mainchi, 1/2 ndi 9/16 ndi anzawo. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa nati ya 1/2, koma ndi yokulirapo pang'ono, ndipo ikatereraterera natiyo imasanduka yobulungira. Yanga ili ndi manati obulungira okwanira kutsegulira sitolo.

Petulo wa lero si amene injini imeneyi inaleredwera. Wakale anali ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu. Mayiko a kuno kumwera kwa Sahara anasiya petulo wotere pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo anachita bwino chifukwa mtovu ndi poizoni. Hedi ya injini yakale yachitsulo ikamathamangitsidwa nthawi yaitali popanda mtovu, mavalavu amayamba kumira m'malo mwake, mpata uja n'kumatsekeka. Mankhwala ake okhalitsa ndi kupita nayo hediyo kwa amisiri a makina ku Blantyre akaikemo mphete zolimba. Komanso dziko lathu linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, wochokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa. Ethanol amadya mapaipi alabala akalekale, ndiponso amakoka chinyezi, moti galimoto yokhalitsa osayenda thanki yake imachita dzimbiri m'kati. Sinthani mapaipi onse a petulo, ikani fyuluta, ndipo muziiyendetsa. Langizo lomalizali ndimalipereka ndi mtima wonse monga munthu amene amalimva kwa ena.

Pampu ya petulo ndi yamagetsi, ili kumbuyo cha ku tayala lakumanja. Mukatembenuza kiyi imayenera kugogoda. Ikakalamba imangokhala duu, ndipo eni galimotozi dziko lonse lapansi amadziwa kuti imadzuka mukaimenya pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Choncho mukandiona pafupi ndi Gymkhana Club nditagwada m'mbali mwa msewu, nditavala jekete, ndikumenya galimoto kunsi, musaime. Ndikugwira ntchito yaukatswiri. Mabatire nawo ndi awiri, a mavoti 6 lililonse, obisika kuseri kwa mipando. Mnyamata wina wofuna kundithandiza anawafunafuna m'boneti mpaka anatsimikiza kuti andibera.

Zida zatsopano zimapezeka ndithu. Ku England akupangabe pafupifupi chilichonse cha MGB, ngakhale thupi lonse la galimoto. Vuto ndi loti amagulitsa mu mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinali nditangolemba mndandanda wa zofunika, ndipo mayi akunyumba anaupeza m'thumba la malaya. Anauwerenga modekha, n'kufunsa kuti, "Abambo, imeneyi ndi galimoto yanji yodya ndalama za kwa Mfumu Charles koma yoyendera miyendo ya ana a eni ake?" Ndinawafotokozera kuti kunja galimoto zoterezi zimakwera mtengo chaka ndi chaka. Anati ndiye ndiitumize kunjako.

Woyesa mayeso weniweni ndi phiri. Kale msewu wokwerera unali wina, wotsikira wina, koma funso la phirili silinasinthe: pokwera limafunsa za madzi, potsika limafunsa za mabuleki. Musanalote zowonjezera mphamvu, tsukani rediyeta, onani lamba wa fani, sinthani mapaipi amadzi ofewa, ndipo musalole aliyense kutaya thermostat ponena kuti imeneyo ndi ya kumayiko ozizira. Kuichotsa sikuchiza rediyeta yotsekeka ndi matope. Mafuta amabuleki amamwa chinyezi, ndipo akatentha pa mtsetse wautali amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Asintheni zaka ziwiri zilizonse. Potsika khalani mu giya yachiwiri kuti injini ikugwirireni. Aja amachotsa giya pofuna kupulumutsa petulo amapulumutsadi, koma petuloyo amakagwiritsa ntchito ndi achibale.

Zotsikazi ndimazidziwa bwino kuposa zokwera, ngakhale kuti ndimatsika kuchokera pakati. Pali kona ina pamene anyamata amagulitsa mabulosi ndi masitiroberi, ndipo galimoto yanga inapasankha kukhala malire ake. Imafika pamenepo ikutulutsa nthunzi, n'kuima. Anyamatawo anasiya kundionetsa zipatso. Akangomva kulira kwake m'munsi, wina amathamangira kumtsinje ndi chigubu, ndipo madziwo ali ndi mtengo wake. Pamene ndikudikira kuti injini izizire (osatsegula rediyeta ili yotentha, mungasupuke nkhope), amandidutsa amuna otsika ndi njinga zosenza nkhuni mulu wopitirira mutu, mabuleki awo ali nsapato, ndipo amandipepesa. Haile Selassie anachoka ku Addis Ababa mu 1965 n'kukafika pamwamba, mpaka malo ena anawatcha Emperor's View. Ine wa pa Zakazaka pompa malo anga ndi konayo, ndipo anyamata aja anayamba kale kuitchula ndi dzina langa.

Mwezi wathawu zonse zinagwirizana. Mavalavu, mapoyinti, makabuleta onse awiri akuimba nyimbo imodzi. Phiri ndinaliopa, ndiye ndinalowera msewu wa M3 wopita ku Blantyre, denga nditatsitsa, ekizozi ikukhula pa hampu iliyonse. Patsogolo ndinaona apolisi apamsewu ali ndi kamera yawo yoyezera liwiro, ndipo mtima unadumpha ndi chimwemwe. Lisiti ya chindapusa cha liwiro ndikanaiika m'felemu pabalaza, pamene apongozi amakhala akabwera. Ndinaponda moto mpaka pansi. Mphepo inanditengera chipewa. Wapolisi anakweza dzanja, ine n'kuima, ndalama ili kale m'manja.

"Mwandipeza ndi zingati, bwana?" ndinafunsa.

"Ayi madala, inu mulibe mlandu," anatero. "Timafuna tingoiona. Agogo anga ankakamba za galimoto zoterezi." Anaizungulira, anaitana mnzake, anajambulitsa. Kenako anati ndikhoza kupita.

Ndinatembenuza kiyi. Pampu inali duu.

"Bwana," ndinatero, "mungandibwerekeko ndodo yanuyo?"