Sayirini yanga inalira usiku wopanda mvula

Ndimakonza mawailesi, ma TV ndi zokuzira mawu m'kashopu kanga ku Area 2, kuseri kwa msewu wa Malangalanga. Manja anga ndimawadalira, ndipo kuwadalira mopitirirako ndi kumene kunandilowetsa m'ngongole ya katapila, kunathyoletsanso mkono mayi wachikulire amene sanandilakwire kanthu.

Zinayamba mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Ndinasowa tulo. Ndinakumbukira momwe mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire mu 2017, kumene kumakhala mlongo wanga ndi ana ake. Ndinadzifunsa kuti kodi madzi akamakwera usiku, ndani angadzutse anthu?

Ndinapanga chipangizo. Ndinatenga kampira koyandama ka m'thanki ya chimbudzi, swichi, batire ya njinga yamoto, kasola kakang'ono ndi huta ya lole, zonse n'kuziika m'bokosi la pulasitiki. Madzi akakweza kampirako, huta imalira. Ndinawonjezanso kachipangizo ka SIM khadi kotumiza uthenga kumafoni. Tsiku loyesera ndinathira madzi m'chidebe pakhomo pa shopu, ndipo inalira mpaka anyamata a kabaza anaima pamsewu.

Bambo wina wa bungwe lothandiza pa ngozi, amene anabwera kudzakonzetsa wailesi, anachiona n'kuchita nacho chidwi. Anati, "Achimwene, zoterezi tingafune zokwana 20. Mukakhala ndi mapepala onse, mubwere tikambirane." Ine ndinamva 20 yekhayo. Za mapepala zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Mkazi wanga anandichenjeza kuti ndiyambe ndafunsa, koma ndinapita kwa wakatapila, n'kukagula zida ku Bwalo la Njobvu. Mwezi wathunthu ndinkawotcherera mawaya mpaka usiku.

Ku ofesi ya bungwelo ku City Centre ndinafika ndi bokosi limodzi m'manja. Mayi woona zogula katundu anandilandira mwaulemu, n'kutulutsa pepala.

"Bambo, bizinesi yanu inalembetsedwa?"

"Ayi mayi, koma ndili ndi chiphaso cha khonsolo."

"Nanga TPIN? Nanga lipoti losonyeza kuti chipangizochi chinayesedwa?"

Ndinangoti kakasi. Anandifotokozera modekha. Dzina la bizinesi limalembetsedwa kwa Registrar General. Nambala ya msonkho, TPIN ija, imachokera ku MRA, ndipo ogula akuluakulu amafunanso kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Wofuna kugulitsa katundu ku boma amalembetsanso ku PPDA. Za ubwino wa katundu amaona ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Ndipo popeza bokosi langa linali ndi SIM khadi, linalowa m'gulu la zipangizo zolumikizirana zimene a MACRA amayamba avomereza mtundu wake zisanagulitsidwe.

Kenaka anandifunsa mafunso amene ndinayenera kudzifunsa ndekha. Batire imakhala masiku angati dzuwa likapanda kuwala? Huta imamveka mtunda wotalika bwanji mvula ikamagunda pamalata? Bokosilo likakhala panja mwezi wonse wa Januwale, chinyontho sichilowa? Ndinalibe yankho ngakhale limodzi lolembedwa. Ndinali nditayesa m'chidebe basi, masana, pakhonde pouma.

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni. M'malo momva, ndinapsa mtima. Ndinadziuza kuti anthu a m'maofesi amanyoza zopangidwa ndi Mmalawi mnzawo, ndipo ndiwaonetsa. Ndinatenga bokosi limodzi kupita nalo kwa alamu anga ku Mtandire, tinakapempha kwa amfumu, n'kulimangirira pamtengo m'mphepete mwa Lingadzi. Anthu anasonkhana, ndinawauza kuti ikalira asayambe kulongedza, angonyamula ana n'kuthawira kumtunda. Anandikhulupirira.

Patatha masabata atatu, foni inandidzutsa cha m'ma 2 koloko usiku. Anali alamu, akupuma mwabefu, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva huta yanga ikulira. Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha. Mtsinje unali phee. Anthu anathawa mumdima, ena ana kumsana, ndipo agogo ena anagwera m'ngalande n'kuthyoka mkono.

M'mawa nditatsegula bokosilo ndinapeza madontho a madzi pachivundikiro, ndi nyerere zitamanga pa swichi. Bowo lolowera waya ndinali nditalimata ndi guluu wamba, ndipo dzuwa linamuswa. Woyesa aliyense akanachiona tsiku loyamba.

Ndinapita kuchipatala kukaona agogowo. Mkono uli m'chikhakha, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, unkafuna kutithandiza." Mawuwo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Amfumu sananditukwanenso. Anangondifunsa kuti, "Bambo, ikadzalira tsiku la madzi enieni, adzadzuka ndani?" Bokosilo ndinalimasula tsiku lomwelo, ndipo ndinalipira mankhwala ndi thiransipoti ya agogo.

Lero bizinesi ndinalembetsa, TPIN ndili nayo. Zimenezo sizinandivute monga ndinkaopera. Za kuyesa chipangizo ndikusonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono, chifukwa wakatapila amayamba ndiye kutenga zake. Mabokosi onse 20 ali pansi pa benchi, ndipo palibe limene lidzatuluke lisanayesedwe ndi odziwa.

Ndili ndi pempho kwa akuluakulu oona za miyezo ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Amisiri a ku Area 2, ku Kawale ndi ku Biwi timatha kupanga zinthu, koma ambiri sitidziwa khomo loyambira kugogoda. Tilembereni pepala limodzi m'Chichewa, lonena kuti wopanga chipangizo chochenjeza anthu ayambire kuti, atenge chiyani, ndipo adzalipira zingati, mulipachike m'misika ndi m'maofesi a khonsolo. Ndipo inu amisiri anzanga, munthu akakuuzani kuti mubwere ndi mapepala, kafunseni kuti ndi ati musanagule ngakhale waya umodzi.