Holide za Pafoni Zafika pa Kamwendo

Mphwanga amapalasa kabaza pa Kamwendo, pamphambano paja pamene msewu wa ku Kasungu umapatukira. Pa 1 Ogasiti m'mamawa, asananyamule ngakhale kasitomala mmodzi, foni inalira. Chibwenzi chake: "Lero ndi tsiku la ife atsikana apachibwenzi padziko lonse. Ndikudikira." Mnyamata anakhuthula m'thumba, natumiza ya yunitsi ndi ya meshi. Pa 3 Okutobala inakwana nthawi yake, poti a pa Facebook amati limenelo ndi la anyamata. Anadikira kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa kukalowera ku Zambia. Chomwe chinabwera ndi chithunzi cha duwa, chokhala ndi kachizindikiro kaja kosonyeza kuti naye mtsikanayo wachita kulandira kwa wina.

"Achimwene," anandifunsa madzulo ake, "holide zimenezi amasaina ndani? Zinadutsa ku Nyumba ya Malamulo?"

Mlandu tinapita nawo pa bawo, pansi pa mango, pomwe pamakhala aphunzitsi ena opuma, agogo ena osowa mano akutsogolo, ndi kamnyamata kotchajitsa mafoni. Kamnyamatako kanati zonse zili pa Wikipedia, buku lalikulu la pa intaneti lomwe aliyense angathe kulembamo. Koma kanachenjeza kuti kumeneko sangolandira chinthu chifukwa mwini wake wafuula. Pamafunika kuti nyuzipepala kapena mabuku odalirika akhale atachilemba mozama, ndipo olembawo asakhale eni ake kapena odya nawo. Zikapanda kutero, akonzi ena amakambirana n'kuifufuta nkhaniyo.

"Ndiye chachilendo n'chiyani?" anatero agogo aja akutapa nkhomo. "Ndi bwalo la amfumu limenelo. Mboni isakhale m'bale wako."

Kamnyamata kanapitiriza kuseretsa chala. Kanapeza tsiku lomwe linapambana mlandu wotere: pa 19 Seputembala, tsiku loyankhula ngati achifwamba a panyanja. Analipeka mu 1995 azibambo awiri a ku Oregon, ku America, John Baur ndi Mark Summers, ali pamasewero. Detilo analisankha chifukwa ndi tsiku lobadwa la mkazi amene Summers anasiyana naye, kuti lisamavute kukumbukira. Kwa zaka zingapo linali la iwo okha ndi anzawo, mpaka mu 2002 pamene mlembi wanthabwala Dave Barry analilemba m'nyuzipepala, basi mboni zinachuluka ngati ngumbi.

Agogo anasiya bawo. "Tsiku lobadwa la mkazi wosiyidwa lalowa m'buku la dziko lonse? Ine langa sindilidziwa. Mayi anga ankangoti ndinabadwa chaka chomwe chitaganya chinayamba, mtedza utakumbidwa." Aphunzitsi anawerengera kuti ndi 1953, kenaka anafunsa kuti ife a ku Mchinji tingalikondwerere bwanji tsikulo. Chifwamba cha pa Bua chingalande chiyani, ng'ombe yomwa madzi?

Ya pa 19 Novembala ndiye inachitika pakhomo loyandikana ndi langa, ndinaiona ndi maso angawa. Bambo wapakhomopo anadzuka, nakhala pampando wandalema, nalengeza kuti sagwira ntchito iliyonse poti ndi Tsiku la Abambo Padziko Lonse. Sananame: kulikondwerera pa detili kunayambira ku Trinidad and Tobago mu 1999, ndipo pa Wikipedia lilipo. Cholakwa chawo chinali kupereka foni kwa mwana wawo wa Folomu 2 kuti awerengere amayi ake. Mwana, mwa ulemu wake, anawerenga zonse za detilo. Pa 19 Novembala pomwepo ndi Tsiku la Chimbudzi Padziko Lonse, lomwe anayambitsa Jack Sim wa ku Singapore mu 2001, ndipo bungwe la United Nations linalivomereza mu 2013.

"Nanga la abamboli a United Nations analivomereza liti?" anafunsa mayi.

Mwana anafufuza, anafufuzanso. "Silinavomerezedwe, amama."

Mayi analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu ndi fosholo. "Bambo a mwana, chokhala ndi chidindo ndi chimbudzi. Chathu chija chinagwa ndi mvula ya chaka chatha, ndipo mitambo ndi iyo." Pofika masana kunkangooneka chipewa chokha m'dzenje.

Pali linanso lomwe linawakwiyitsa aphunzitsi. Akuti Lolemba lachitatu la Januwale ndi tsiku lomvetsa chisoni kuposa onse pachaka, Blue Monday. Linatuluka mu 2005 ku Britain, m'chikalata chotsatsa malonda cha kampani ya maulendo ya Sky Travel, ndi masamu a mkulu wina, Cliff Arnall, ophatikiza nyengo, ngongole ndi masiku omwe apita chidyereni Khirisimasi. Cholinga n'chakuti wokhumudwayo agule tikiti yokapuma. Pa Wikipedia lilipo ndithu, koma nkhani yake imanena poyera kuti masamuwo si sayansi yeniyeni. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti kulowa m'bukumo sikutanthauza kuti ndiwe woona, kumangotanthauza kuti anthu akunena kwambiri. Ndi mmenenso mfiti imatchukira m'mudzi.

"Lolemba limodzi lokha?" anatero aphunzitsi. "Abwere kuno aone. Nkhokwe ili pululu, fizi ikufunika, chimanga chikudikira feteleza wobereketsa, katapila ali pakhomo. Kuno Januwale yense ndi Lolemba."

Amalume anga ena ndiye akatswiri. Iwo akazi awo ndi a kutsidya, cha ku Chipata, choncho amasunga makalendala awiri. Pa 15 Januwale amapuma chifukwa cha Chilembwe, pa 3 Malichi chifukwa cha ofera dziko, pa 28 Epulo chifukwa cha Kaunda, pa 14 Meyi chifukwa cha Kamuzu. Pa 6 Julayi ndi Mmalawi, pa 24 Okutobala ndi Mzambia. Kumapeto kwa Febuluwale ali ku Mtenguleni ku Nc'wala, kumapeto kwa Ogasiti ali ku Mkaika ku Kulamba. Chigulireni foni yoseretsa, kalendala yachitatu yawonjezekera, ndipo soya wawo amapalira ndi maso. Nditawauza kuti za pafonizi n'zopeka, anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"Mphwanga, zonse n'zopeka. Pa 14 Juni paja si tinkapuma nthawi ya a Muluzi, kukumbukira riferendamu ya 1993? Anabwera a Bingu n'kubwezera la Kamuzu. Tsono ngati la boma limafa, ine ndilekerenji kudya la pafoni likadali moyo?"

Ndinasowa poyankha. Chokhacho, la boma likafika sukulu zimatseka ndipo mabanki sagwira. La pafoni likafika chimatsekeka ndi chikwama cha mphwanga.

Pomaliza a pa bawo anagwirizana kuti nafenso tipeke lathu. Kamnyamata kanati ku North Dakota kuli Marlo Anderson, yemwe chiyambire 2013 amasonkhanitsa masiku otere pa National Day Calendar, ndipo anthu amatumizako mapempho. Ife tinati sitipempha kwa munthu: Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, tikhale ndi tsiku la chiponde, tililembe pa Wikipedia ya Chichewa. Malo aliko ambiri, poti ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni pomwe yathuyi sinafike ndi 2,000 zomwe.

Mavuto anayamba pa deti. Agogo ankafuna nthawi yokumba, aphunzitsi ankafuna kumapeto kwa mwezi penshoni ikalowa, amalume ankafuna tsiku lililonse lomwe silinakhale kale holide. Kenaka kamnyamata kanakumbutsa za mboni. Tinawerenga onse amene anamva za nkhaniyi: mphwanga, amalume, mlamu wa aphunzitsi, mdzukulu wa agogo. Pa Kamwendo ukakanda pang'ono aliyense ndi m'bale wako.

Choncho inu atolankhani a ku Lilongwe, kwerani minibasi ya ku Mchinji, mutsikire pa Kamwendo, mufunse pa bawo. Chiponde mudzachipeza chosinjasinja, ndi mbatata yootcha pambali. Koma mukadya musakalembe kuti tinakupatsani, mungasanduke achibale.