Tembenuzani Pang'ono, Alamu!

Cholakwa changa chinali chimodzi: dekoda ndinainyamula poyera. Ndikanaikulunga m'jumbo yakuda monga timachitira ndi bonya wa pakati pa mwezi, bwenzi Loweruka lija litatha mwamtendere. Koma ine katoni m'khwapa, eriyo paphewa, kuchokera pa siteji mpaka pa mdadada wathu kuno ku Bangwe. Pomwe ndimafika pakhomo n'kuti mbiri yanga itafika kalekale.

Oyamba kutulukira anali a landilodi, ndipo chinawabweretsa ndi malata awo. "Wokwera padengapo aziponda pamene pali misomali. Likangodontha, lendi ikwera." Dengali lakhala likudontha chilowereni ine m'nyumbamu, beseni la mayi a kunyumba ndilo mboni, koma ndinangoti, "Zamveka, bambo."

Kenaka anafika alamu anga. Iwowa anakhalako ku Joni miyezi isanu ndi itatu, ndipo chibwerereni palibe chinthu cha magetsi chimene chimawadabwitsa. Kabuku ka malangizo anakaponya pampando osakatsegula. "Izi amalembera anthu osayenda." Analumikiza mawaya kuseri kwa dekoda akuimba kamluzu, anamangirira eriyo ku nsungwi ndi malegeni, navula nsapato, n'kukwera.

Ife amene tinaona kanema wa dziko lino akuyamba mu 1999 tinazolowera zina. Nthawi imeneyo hang'ala ya waya inkakwana. Chithunzi chinkabwera ndi mpunga, wowerenga nkhani ali ndi mnzake wotuwa pambali ngati mapasa, koma tinkaonera ndithu mpaka kugona. Dijito ilibe chifundo chotere. Mayiko atagwirizana zoti pofika pa 17 June 2015 akhale atasiya kaulutsidwe kakale, tinalowa m'nyengo ya makiliyekiliye ndi ma GOtv, momwe chithunzi chimabwera chonse kapena sichibwera n'komwe. Zikavuta pang'ono, mlaliki amangouma kukamwa kuli yasa, nkhope itagawika timabokosi.

Kwathu ngakhale timabokosito kunalibe. Panali mawu awiri okha, "No Signal", akuyandama pagalasi.

Tinakonza mzere wa uthenga. Ine pa kanema, mayi a kunyumba pa zenera, kamnyamata ka aneba pabwalo, alamu padenga.

"Palibe!"

"Akuti palibe!"

"Tembenuzani pang'ono, alamu!"

"Kuti?"

"Kumanja!"

"Kumanja kwa ndani, kwanga kapena kwanu?"

Phokoso lotere m'tauni ndi kalata yoitanira akatswiri. Pasanathe theka la ola pabwalo panali abambo asanu ndi mmodzi, manja kumbuyo, maso kudenga. Munthu amene kwake babu ikapsa amadikira mwana abwere kusukulu, pakhomo pa mnzake amasanduka injiniya. Aneba oyendetsa minibasi anati eriyo iloze ku Lilongwe, poti boma lili kumeneko. A mkulu wa mpingo anati kum'mawa, sanapereke chifukwa, ndipo palibe anafunsa. Alamu anakuwa ali pamwamba kuti ku Joni zonse zimaloza kumwamba, kuiwala kuti zimene ankaona kumeneko ndi madishi, omwe amatapa ku setilaiti, pamene eriyo imafuna nsanja ya pansi pano. Nsanjazo zili pa phiri la Mpingwe, poonekera aliyense, ndipo tonsefe timaziona m'mawa uliwonse popita kokwera minibasi. Palibe anazitchula. Yankho lapafupi chotero silipatsa munthu ulemu.

Wina anati tikolekepo chivundikiro cha sefuliya kuti chikoke mphamvu. Chinakolekedwa. Agogo a kunyumba yakumapeto anafika ndi ndodo yawo, anayang'ana galasi nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti si onse pamdadada pano amene akondwa ndi katoni ija. Anthu anayamba kuyang'anana.

Nthawi yonseyi mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 7, anali pakona ndi kabuku kaja.

"Adadi, pajatu waya uja..."

"Iwe, akuluakulu akugwira ntchito."

Anayesanso kachiwiri. Amalume ake anamuyankha kuchokera padenga kuti akawatungire madzi akumwa.

Nditatuluka kukathandiza mkangano wa Lilongwe ndi kum'mawa, mwanayo anagwada kuseri kwa dekoda. Ndinamuona pa zenera. Kumbuyoko kuli mabowo awiri ofanana, lina lolowetsa, lina lotulutsa, ndipo katswiri wa ku Joni anali atalowetsa chingwe cha eriyo m'bowo lotulutsa. Mwana anachizula. Anaonanso kuti timawaya tasiliva tozungulira tikukhudza kawaya kamkuwa kapakati, anatipatula ndi chikhadabo, nabaya pa bowo lolembedwa ANT IN, n'kudina pa rimoti kuti isake matchanelo. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Mwadzidzidzi MBC inalankhula m'nyumba mwanga.

Mphindi yomweyo n'kuti alamu atapendeketsa nsungwi kuti akande msana.

"Ndinakuuzani!" anakuwa. "Pamenepa! Munthu asagwedeze!"

Pabwalo panali kugwirana chanza. Oyendetsa minibasi anati eriyoyo yaloza ku Lilongwe ndithu, mukaiyang'ana bwino. A mkulu wa mpingo anati ndi kum'mawa. Mwini nzeru ya chivundikiro anakumbutsa anthu kuti asaiwale chivundikiro. Agogo anati adani achita manyazi.

Alamu anatsika, nasasa fumbi m'mawondo, n'kundikokera pambali kuti ndiwaganizireko ya sopo, poti ntchito ngati imeneyi ku Joni ndi ya ndalama zambiri. Ndinapereka. Akatswiri onse analowa kuti aone ngati chithunzi chikhazikike, ndipo chinakhazikika mpaka nsima inapsa. Mayi a kunyumba anaphika kawiri, mphika wa ndiwo ulibe chivundikiro. Rimoti inali m'manja mwa a landilodi.

Mwana uja anaonera ataima pakhomo, chifukwa mipando inatha. Mvula yoyamba itagwa tinagula beseni lachiwiri, ndipo lendi yakwera mwezi uno.