Bayete, Mfumu ya Kuseri kwa Mphuno

Chaka chilichonse mu February anthu amakhamukira ku Mtenguleni kukaona Nc'wala, ndipo mu August a ku Katete amakachita mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Nanga mfumu imene imalamula aliyense wa iwo, ovina ndi oonerera omwe, ndani anaiwombera m'manja? Ndikunena mbali yakutsogolo ya pituitary, kanyama kokhala pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno. Kukula kwake sikuposa njere ya nshawa za Chalimbana, kulemera ndi theka la galamu basi.

Bayete, inu osagwira khasu! Ntchito yanu ndi kutumiza mauthenga m'magazi, ena akhetse thukuta. Mukatumiza LH ndi FSH, mtsikana watha msinkhu, alangizi ayamba kukonza chinamwali, mnyamata wa ku Kapata mawu akula ndipo sakumvanso za amake. Mukatumiza ACTH, tiziwalo tapamwamba pa impso tatulutsa cortisol, ndiye wanjinga wonyamula makala atha kukwera chitunda asanadye kanthu. Mkaka wa m'mawere ndi prolactin wanu, ngakhale amayamikiridwa ndi thobwa la apongozi.

Kuuma mutu kwanu nakonso n'kosiririka. Mchere ukasowa ayodini, chithokomiro chimalephera ntchito. Mfumu ina ikanafunsa chavuta n'chiyani. Inu mumangowonjezera TSH, kukalipa usana ndi usiku mpaka khosi la munthu litatupa, achibale n'kuyamba kuloza zala agogo osalakwa. Mowolowa manja munapatsa Robert Wadlow wa ku America homoni ya kukula mpaka anafika mamita 2.72, n'kumwalira mu 1940 ali ndi zaka 22.

Madokotala akale, kuyambira Galen, ankati ntchito yanu ndi kutsitsa mamina. Munapirira chipongwe chimenecho zaka zoposa 1,000 osatsegula pakamwa. Mwina munkaopa kuti angatulukire zoti ufumu wanuwo ndi wobwereka, poti malamulo onse mumalandira kwa hypothalamus wokhala pamwamba panu.

Chimodzi chokha sitikuimbirani nthungululu. Mayi akataya magazi ambiri pobereka, mumakomoka msanga, nthawi zina osadzukanso, monga Harold Sheehan anafotokozera mu 1937. Mkaka subwera, msambo umasiya, thupi limangofooka. Mayiyo amatchedwa waulesi pamudzi, pamene akufunika kupita ku Chipata Central Hospital akamuyeze magazi.