Tsikani Kaye, Pali Hampu

Galimoto ikamachoka ku Japan, mainjiniya amakhala atawerengera kale kuti mimba yake italikirane bwanji ndi msewu. Ikangodutsa pa Songwe n'kugwera m'manja mwa mnyamata wa m'tauni, masamu onsewo amasanduka achimidzi. Iye amafuna izikwawa. Funso limangotsala lakuti aigwetse ndi chiyani, ndipo amene amayankha ndi thumba.

Wa thumba lopepuka amathamangira kwa wowotcherera. Wina anapita ndi Altezza yake n'kunena kuti igwe lero lomwe. Mmisiri anati njira zilipo ziwiri, moto kapena girayinda. Anasankha moto poti ngotchipa. Amatenthetsa sipuling'i ndi gasi ili pagalimoto pomwepo mpaka ifiire, kenako anthu amakhala pa boneti kuti ifinyike. Anzake awiri anakhalapo: kumanja wowonda, kumanzere mkulu wina amene nsima samaichitira manyazi. Galimoto inatuluka yopendekera kumanzere. Mwiniwake atayamba kulalata, mmisiri anaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Palibe chavuta, bwana. Inu mumakhala kumanja. Ingonenepani." Chitsulo chopsa chimapitirirabe kufooka, moti pofika Khirisimasi galimotoyo inali itadzigwetsanso yokha, ulendo uno kwaulere.

Mnzake anasankha girayinda, anadula mikombero iwiri. Sipuling'i yodula imauma, komanso sikhazikikanso bwino pampando wake. Tsiku lina tayala linaphwa. Mnyamata womata matayala atangokweza jeke, chinachake chinagwa kuti ngwe! Anachitola n'kufunsa mwaulemu, "Achimwene, ichi chagwa m'galimoto mwanumu. N'chofunika?"

Bambo wina wozindikirako anaitanitsa masipuling'i enieni ogwetsera kuchokera ku Joni. A Eibach kapena H&R, onse a ku Germany, nthawi zambiri amatsitsa galimoto ndi mamilimita 25 mpaka 40, ndipo kwa ine, pamisewu yathuyi, munthu wa mutu wabwino amalekera pomwepo. Koma masipuling'i amenewa amafuna mashoko ogwirizana nawo. Shoko yopangidwira sipuling'i yaitali imayamba kugwira ntchito itafinyika kale, imatopa msanga n'kuyamba kudontha mafuta. Bambowa anati mashoko adikire kumapeto kwa mwezi. Loweruka anatumidwa ku Mponela kukatenga apongozi ndi zigubu za thobwa la pachinkhoswe. Galimoto inanjanja njira yonse, ndipo asanafike pa Lumbadzi thobwa linali litachotsa lokha chitsekerero. Apongozi anapukuta kumaso ndi chitenje, ndipo poti mkamwini salankhula naye maso ndi maso, anatembenukira kwa mwana wawo: "Tawafunsa bambo a kunyumbawa, kodi galimotoyi inalowa gule?"

Tsopano kuli makoilova, amene anyamata amawatchula motsitsa mawu chifukwa cha mtengo. Apa shoko ndi sipuling'i zimabwera pamodzi, ndipo pathupi pa shokoyo pali mphete zimene umazungulitsa ndi sipanala yake kuti galimoto ikwere kapena itsike. Alipo a Tein a ku Japan, a KW a ku Germany, ndi a BC Racing a ku Taiwan amene ali ndi kachitsulo kodina ka 30 kosinthira kuuma kwa shoko. Wopanga anaika madinidwe 30 kuti munthu asankhe pakati. Sindinaonepo mnyamata amene anasankha pakati. Onse amapotokola mpaka kumapeto, moti ukaponda chitsekerero cha Fanta msana umakuuza.

Mkulu wina anagula makoilova mu Okutobala n'kutsitsa Mark X yake mpaka paketi ya fodya kukanika kulowa kunsi kwa bampala. Aliyense womufunsa za kumudzi ankamuyankha kuti, "Izi n'zosintha, ndikafuna ndimakweza." Girizi pamphete zija sanapake. Mvula inabwera ndi matope ake, dzimbiri n'kugwira ntchito yake mwakachetechete. Mu Febuluwale uthenga wa maliro unafika kuchokera ku Ntcheu. Makaniko analimbana ndi mphetezo, sipanala inalephera, hamala inalephera. Anatuluka kunsi kwa galimoto akupukuta manja: "Izi zinakwatirana, bwana. Wa ku tchalitchi."

Ananyamuka choncho ndi abale anayi pa M1. Pa hampu yoyamba, "Tsikani kaye." Anthu anatsika, iye n'kukwera hampuyo chopingasa, tayala limodzi limodzi, lole ili pambuyo ikuliza hutala. Abale anakweranso. Pa hampu yachiwiri, chimodzimodzi. Pa yachitatu amalume sanadikire kuuzidwa. Anatenga jekete lawo n'kunena kuti, "Mphwanga, ine ndatsogola. Mukandipeza mundipatse lifiti." Atapatuka kulowa msewu wafumbi, kamtunda ka pakati pa msewu kanapsompsona sampu, oilo n'kulemba mzere wakuda mpaka injini inazima. Pasiwa anafika pangolo, ndipo mwini ng'ombe njira yonse ankangoyamikira kuti ngolo yake sinagundepo pansi chiigulireni.

Za alayimenti ambiri amaiwala. Galimoto ikatsika, matayala amapendekera mkati chakumtunda, ndiye amadyeka mbali yamkati yokha. Wapolisi wina anayamikira mnyamata kuti matayala ake ndi atsopano. Kenako cholembera chinamugwa, anawerama kuti atole, n'kuona mawaya. Anadzuka pang'onopang'ono akumwetulira: "Bwana, tayambiranso. Mwadzuka bwanji?"

Nkhondo ya galimoto zotsika ndi apolisi si ya lero. Ku California mu 1958 anaika lamulo loti mbali iliyonse ya galimoto isatsike kupitirira kunsi kwa limu. Chaka chotsatira Ron Aguirre anaika mapampu a mafuta ochokera m'ndege pa Corvette yake, kuti akaona wapolisi azingodina batani galimoto n'kudzuka. Lamulolo linachotsedwa mu Januwale 2024. Kuno mahampu amagwira ntchitoyo usana ndi usiku popanda alawansi.

Yofanana ndi nzeru za Aguirre ndi sasipenshoni ya mpweya: matumba a labala m'malo mwa masipuling'i, kompuresa ndi thanki m'buti. Ndi yodula kuposa zonse, koma pa hampu umakweza, ukaimika umatsitsa. Mnyamata wina wobwera kuchokera ku Cape Town anafika nayo kumudzi pa Golf yake. Amalume anamupatsa thumba la chimanga, atatsegula buti anapeza thanki itakhala kale. Chimanga chinakwera kutsogolo, mkazi wake kumbuyo. Koma zimene mudzi ukukambabe ndi za tsiku lofika. Anaimika pakhomo pa agogo, n'kudina batani. Galimoto inati fyuu, n'kutsika mpaka pansi. Agogo anaomba m'manja kuyankha ulemuwo, kenako anayang'ana mkazi wa mdzukulu wawo amene anali chiimire ndi foni m'manja.

"Iwe," anatero kwa mdzukuluyo, "amene waphunzitsa galimotoyi mwambo akadalipo? Ndili ndi wina woti ndimutumizeko."