Ife Okanda ndi Mankhwala Osawawa

Pali chikhulupiriro chimodzi chimene chimagwirizanitsa anthu a mipingo yonse ndi zipani zonse m'dziko muno: mankhwala enieni ayenera kuwawa. Akakhala akumwa, awawe mpaka munthu atsinzine. Akakhala jakisoni, munthu atsimphine sabata yathunthu. Akakhala opaka, awotche mpaka mwini wake avine popanda ng'oma. Ineyo m'chikhulupiriro chimenechi ndimakhala pa benchi ya kutsogolo, choncho mundimvere ndikamati pa matenda amodzi chimatigwetsa chagada. Ndikunena timatuza toyabwa tija timamera m'mbali mwa zala, m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, timene madokotala amati dyshidrotic eczema kapena pompholyx. Mfundo yanga ndi imodzi yokha, abale anga: matendawa amagonja ndi zinthu zofatsa, zotopetsa, zosachititsa kaso, ndipo ife okanda timakhalitsa nawo chifukwa kufatsa timakuona ngati kupusa.

Tiyambe tamudziwa mdaniyo. Timatuzato ndi tating'ono, milimita imodzi kapena mamilimita awiri, tobisala mkati mwa khungu, todzaza timadzi. Nthawi zambiri kuyabwa kumafika tisanaonekere, moti munthu amayamba kukanda pamalo popanda kanthu, oona n'kumadabwa. Timakhala masabata awiri kapena atatu, kenako timauma, khungu n'kusupuka, penapake n'kung'ambika. Munthu akangoyamba kupereka umboni kuti wachira, tabweranso. Timakonda anthu osapitirira zaka 40, makamaka amene kubanja kwawo kuli mphumu kapena matenda ena oyabwa a pakhungu. Dokotala wa ku London, William Tilbury Fox, atalemba za matendawa mu 1873 ankaganiza kuti ndi thukuta latsekeredwa mkati. Amene anabwera pambuyo pake atapima khungulo ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono anapeza kuti timatuzato sitichokera m'timipaipi ta thukuta. Ndi khungu lenilenilo limene latupa, madzi n'kusonkhana mkati mwake, ndipo popeza khungu la m'chikhatho ndi la kuphazi ndi lochindikala, madziwo amasowa potulukira. Ngati dokotala wa ku London anaphonya, tiwakhululukire amalume amene amati munaponda mankhwala pamphambano. Koma chachikulu n'chakuti m'timatuzamo mulibe kachilombo koti muphe. Muli khungu lokwiya basi.

Ndiye taonani zimene ife anzeru timachita ndi khungu lokwiyalo. Timalifinyira mandimu. Timalithira mchere, sipiriti, phulusa, adyo wosinja, mankhwala otsukira mano, ndipo olimba mtima amafika pa madzi a batire. Timaviika manja m'madzi otentha mpaka misozi, tikamva kuwawa n'kumati eya, tsopano akugwira ntchito. Amene ali ndi dzanja la udokotala amatenga singano n'kumaboola kamodzikamodzi, ndipo ndivomere kuti ntchito imeneyi imasangalatsa kuposa mpira wa pa TV. Vuto lake ndi ili. Khungu lili ndi timafuta tachilengedwe timene timasunga chinyezi mkati ndi kutchinga zoipa zakunja, ndipo pa munthu wa eczema chitetezo chimenechi chimakhala chofooka kale. Zowotcha zonsezi zimachotsa timafuta totsalato, khungu n'kuuma kwambiri, kuyabwa n'kuwirikiza. Kuboola nako kumatsegulira khomo mabakiteriya, makamaka otchedwa Staphylococcus aureus, amene anthu ambiri timayenda nawo pakhungu osadziwa. Mukaona mafinya, nkhanambo zachikasu, dzanja kutupa ndi kutentha, kapena thupi kuyamba kutentha, dziwani kuti matenda amene analibe kachilombo tsopano mwawapezera, ndipo ulendo wa kuchipatala sufunanso zokambirana.

Wina ati, zonsezo tamva, koma kukanda bwanji, poti n'kokoma chonchija? Mulungu akanatipatsiranji zikhadabo? Funso limeneli ndimalilemekeza chifukwa ndi langa lomwe. Yankho lake lachokera ku mbewa, zimene ife timadyera nsima pamene anzathu amaphunzirirapo. Mu 2014 akatswiri a pa Washington University ku St. Louis, motsogozedwa ndi Zhou-Feng Chen, anaonetsa kuti kukanda kumabweretsa kaululu kamene kamaphimba kuyabwa kwa kanthawi. Ubongo pofuna kuziziritsa kaululuko umatulutsa serotonin, ndiye serotonin yemweyo amakadzutsa mitsempha ya kuyabwa ya mu msana. Mu 2025 akatswiri ena a pa University of Pittsburgh anaveka mbewa timakolala kuti zilephere kudzikanda, ndipo zimenezo zinatupa pang'ono kusiyana ndi zokanda mwaufulu. Kunena zoona, anapezanso kanthu kotikomera ife okanda: kukanda kunachepetsa mabakiteriya aja pakhungu la mbewazo. Koma iwo eni anati kuyabwa kukakhala kwa nthawi yaitali, zowonongeka zimaposa phindulo. Kukanda ndi katapila. Mumalandira mpumulo wa mphindi imodzi lero, mawa n'kubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo wobwereketsayo amakonda kubwera usiku, pamene thupi lafunda m'bulangete ndipo maganizo alibe kwina koyang'ana.

Komabe kuuza munthu kuti "musakande" si mankhwala, ndi chipongwe chabe. Amene amanena zimenezi manja awo amakhala osalala. Chothandiza n'kuchepetsa kuyabwako, ndipo apa m'pamene pamabwera zinthu zonyozeka zija. Nsalu yonyowetsedwa m'madzi ozizira, kuikapo kwa mphindi 15. Mafuta opanda fungo ngati Vaseline, kudzola kangapo patsiku, makamaka mukangosamba m'manja khungu lisanaumiretu. Madzi ofunda pang'ono m'malo mwa otentha, sopo wochepa ndi wosanunkhira, kuvula mphete potsuka chifukwa sopo amabisala kunsi kwake, kupukuta bwino pakati pa zala. Zikhadabo kuwenga, kuti dzanja likaba usiku libe zochepa. Masokosi a thonje osinthasintha, ndi nsapato zolowa mpweya m'malo mwa zapulasitiki. Kuchipatala amapereka mafuta a steroid amphamvu monga betamethasone kapena clobetasol, oti mupake kwa masabata ochepa, chifukwa ofooka salowa bwino pakhungu lochindikala la m'chikhatho. Timatuza tikamachucha, amalangiza kuviika m'madzi a potassium permanganate osungunula kwambiri mpaka aoneke a pinki wotuwa. Ife a manja olemera timathira ochuluka kuti agwire msanga, ndiye timapsa. Mapiritsi ngati Piriton sachiza timatuzato, koma amagonetsa, ndipo munthu wogona tulo tofa nato amakanda pang'ono.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera, ndipo sindikuseka nako. Dokotala akuti pewani sopo, madzi ndi simenti, nanga mbale atsuke ndani? Mayi wochapa zovala za eni, mnyamata wotsuka magalimoto, namwino wosamba m'manja tsiku lonse, mmisiri wokanya simenti, onsewa amadya chifukwa cha zinthu zomwezo zimene zikuwadya manja. Simenti ili ndi chromium amene amayambitsa matenda a khungu, moti dziko la Denmark linakhazikitsa lamulo mu 1983 lochepetsa mphamvu yake mu simenti, mayiko a European Union n'kutsatira mu 2005, ndipo amisiri odwala manja anachepa. Umenewu ndi umboni kuti vuto silikhala la mwini manja yekha, ndipo bwana amene sagulira antchito ake magolovesi ali ndi mlandu. Koma lamulo likuchedwa, khungu silidikira. Kuchepetsa n'kotheka ngakhale kusiyiratu kuli kosatheka: magolovesi a labala okhala ndi ena a thonje mkati, kuwavula akayamba kudzaza thukuta, kutsuka mbale zonse nthawi imodzi m'malo monyowetsa manja kakhumi, kudzola mafuta ntchito isanayambe ndiponso ikatha. Magolovesi ndi ndalama, inde, koma dzanja long'ambika limene silingagwire fosholo kwa masabata atatu ndi ndalama zambiri.

Zina zodzutsa matendawa n'zoseketsa ndithu. Ena amatupa ndi nickel, chitsulo chopezeka m'makiyi, m'ndolo ndi mphete zotsika mtengo, ndi m'ndalama zachitsulo zambiri. Pa chiopsezo chotsirizachi ine ndine wotetezedwa, popeza ndalama sizikhalitsa m'manja mwanga mpaka kufika poyambitsa matenda. Kutentha ndi thukuta zimautsanso timatuza, choncho mwezi wa Okutobala ndi nyengo yokolola. Nkhawa nayo imadzutsa timatuzato, ndipo madokotala amalangiza kuti tichepetse kuganiza kwambiri, malangizo amene amamveka bwino mpaka Januwale atafika ndi fizi, lendi ndi feteleza. Fangasi woyeretsa ndi kung'amba khungu la pakati pa zala zakuphazi amathanso kuchititsa kuti timatuza timere m'manja, kutali ndi kumene iye ali, ndipo akachizidwa manjawo amapepukidwa. Munthu angathe kutha chaka akulanga zikhatho, wolakwa atakhala phee mu nsapato.

Pamenepa m'pamene ndimawayankhira amene amati kuchipatala n'kutaya nthawi, chubu cha mafuta a steroid aja chili pamsika. Chilipodi, pafupi ndi mafuta oyeretsa khungu, ndipo ena mwa mafuta oyeretsawo ali ndi steroid yemweyo. Koma mankhwala amenewa akapakidwa miyezi yambiri popanda woyang'anira amapepuza khungu, ndipo akapakidwa pa fangasi amamubisa kwinaku akumukulitsa. Komanso si zonse zoyabwa pakati pa zala zili eczema. Mphere nazo zimakonda malo omwewo ndi nthawi yomweyo ya usiku, koma izo zili ndi kachilombo kokumba m'khungu, zimapatsirana, ndipo zimafuna kuti nyumba yonse ipake mankhwala ngati benzyl benzoate tsiku limodzi. Eczema sapatsirana, ngakhale mutagwirana chanza kapena kusamba m'manja m'beseni limodzi podya nsima. Amene amabweza dzanja lawo n'kukupatsani mkono pamaliro angokulakwirani. Chimene chimapatsirana ndi kukandako. Gulu la Chen lija linaonetsa mu 2017 kuti mbewa ikaona inzake ikudzikanda, ngakhale pa kanema, nayo imayamba. Ndiye nyumba yonse ikamakanda, wosiyanitsa mphere ndi kutsanzira ndi wachipatala, osati msonkhano wa banja. Zikakanika ku chipatala chaching'ono, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mbali yoona za matenda a khungu.

Kwatsala kutsutsa kumodzi, kwa anthu otopa: ngati timatuza tidzabweranso, kudzivutitsiranji? N'zoona kuti mankhwala othetseratu palibe, ndipo aliyense wolonjeza kuti botolo lake limodzi lizula muzu wake akufuna zimene zili m'thumba mwanu. Koma kubwera kawiri pachaka ndi kubwera mwezi uliwonse n'zosiyana. Kuyabwa kwa masabata awiri ndi dzanja la mafinya lolephera kumanga batani la malaya n'zosiyananso. Kusiyana kumeneku kumagulidwa ndi kudzola mafuta ngakhale masiku amene khungu lili bwino, chinthu chimene ife timalephera, chifukwa tikangochira botolo limasanduka la ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tikanena mosabisa, chimene chimatikanika si mtengo wa Vaseline koma manyazi. Bambo wa ndevu zake kugona atavala masokosi m'manja, kutsuka mbale ali ndi magolovesi achikasu, kusiya zidindo za mafuta pa foni, pa kalata ya ku ofesi ndi pa buku la nyimbo la mnzake kutchalitchi, zonsezi zimatsitsa munthu. Akazi anu aseka, ana akanena kusukulu, alamu anu aifalitsa nkhaniyo mpaka kumudzi. Alekeni aseke, achimwene. Ulemu umamera msanga kuposa khungu.