Manja Awiri, Ntchito Khumi

Ku Limbe, bwana wa kampani ina akufunsa mkulu wofuna ntchito. "Achimwene, pano tikufuna munthu wotha kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mungathe?" Mkulu uja anaseka. "Bwana, zimenezo ndiye zanga. Zaka zitatu ndakhala ndikulondera nyumba ziwiri usiku umodzimodzi, ina konkuno ku Limbe, ina ku Chirimba." Bwana anatong'ola maso. "Kutalikirana konseku mumatha bwanji?" "Ndimagona kwathu ku Ndirande bwana, pakatikati, kuti pasapezeke wonena kuti ndikukondera."

Tsiku la Bullets ndi Wanderers, mayi akunyamuka kupita kuchigayo: mwana kumsana, thumba la chimanga pamutu, foni kudzanja. "Abambo a Chisomo, muziyang'anira nyembazo pambaulapo." Bambo, wailesi ili pakhutu, anangogwedeza mutu. Pobwerako mayi analandiridwa ndi utsi ali kumsewu komwe. "Kodi sindinati muziyang'anira?" Bambo anaimirira monyadira. "Ndayang'anira osaphethira. Madzi anauma pa mphindi ya 30, kupserera kunayamba pa 60. Zonse ndaona ndi maso angawa."

Pa Zalewa, wapolisi wapamsewu anaimitsa galimoto. "Madala, mukuyendetsa uku mukuyankhula pafoni? Lamulo simukulidziwa?" Dalaivala sanachotse nkomwe foni pakhutu. "Ndani akuyankhula bwana? Ndi mayi akunyumba awa. Chichokereni ku Ntcheu ine sindinapatsidweko mpata."

Kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 ndi katswiri, tisamunyoze. Ndalama zapepala wazipinda pakati pa zala, dzanja lina lagwira chitseko, mutu uli panja kuitanira, chimanga chootcha chili kukhwapa. Tsiku lina mawaya anasemphana: anapatsa gogo wina chisononkho, n'kuponya K500 mkamwa. Gogo anachiyang'anitsitsa chisononkho chija. "Mwanawe, chenji changa chili kuti?" Kondakitala anameza malovu, maso ali psuu. "Agogo, mubwere mawa m'mawa."

Pakati pa sabata, msungichuma wa pampingo wina amakhala mu kiyosiki ya Airtel Money ndi Mpamba. Lamulungu lina anakhala patebulo la zopereka, koma maso ali pafoni pansi pa tebulo. Mayi wina anafika ndi envulopu ya chakhumi. Mkulu uja, osadzutsa mutu: "Mukuika kapena mukutapa?" Mayi anabweza envulopu m'chikwama msangamsanga. "Kani kutapa n'kotheka? Tiyambe ndi za chaka chatha."

Wometa wina ku Zingwangwa samazimitsa kanema Arsenal ikamasewera. Makina ali pamutu pa kasitomala, khosi lapindikira kukhoma. Chigoli! Analumpha, ndipo makina anatsegula msewu kuchokera pakhutu mpaka pankhongo. Kasitomala anadziyang'ana pagalasi, mtima uli phaa. "Aise, ndi chiyani chimenechi?" "Sitayilo yatsopano bwana, musatekeseke." "Nanga mbali inayi?" "Tidikire chachiwiri."

Mdzukulu anabweretsera agogo ake foni kumudzi. "Agogo, iyi ndi ya malayini awiri, TNM ndi Airtel, onse amagwira nthawi imodzi." Agogo anaitembenuza uku ndi uku, nkhope ili yakugwa. "Ukabweze mwanawe. Khutu lakumanzereli linafa kalekale, a Airtel ndiziwamvera pati?"

Mphunzitsi wa Chichewa mu Sitandade 6 analemba pabolodi: Mapanga awiri avumbwitsa. "Ndani angatiuze tanthauzo lake?" Zii. Kenako kamnyamata ka kumbuyo kanakweza dzanja. "Aphunzitsi, mwambiwu ndi wabodza. Bambo anga ali ndi mapanga awiri, lina ku Kawale lina ku Biwi, koma sanavumbwepo." Mphunzitsi anatsokomola. "Nanga mvula ikagwa amatani?" "Amazimitsa foni."

Namwino akuyeza wodwala kuthamanga kwa magazi, foni waipanikiza paphewa, akukangana ndi telala. "Ayi, ndati mudule! Mudule m'munsimo, pafike m'mawondo!" Atatembenuka anapeza pampando palibe munthu. Zatsala ndi nsapato.

Inenso ndisadzichotsemo. Lachisanu lapitali ndinkakazinga mazira uku ndikuyankha mauthenga awiri pa WhatsApp, wina wa mayi akunyumba amene ali kumudzi, wina wa eni nyumba amene akhala akundisaka kuyambira pa 1. Kwa mayi kunapita wakuti: "Mwezi uno musandivutitse, ndikapeza ndikuuzani." Kwa eni nyumba: "Ndakusowa kwambiri, usiku sindikugona." Mayi mpaka lero sakuyankha. Eni nyumba anayankha pompopompo: "Inenso chimodzimodzi. Ndili pakhomo pano, tsegulani."